Agalu a ku Ulongwe anandiperekeza kumsika

Kwathu kuno ku Angónia kuweta galu wamphongo sikufuna sukulu. Umamuponyera mkute, iye n'kumauwa usiku, basi nkhani yathera pomwepo. Bambo anga anali ndi agalu osakira akalulu, onse amphongo, moti ine ndinakula ndikudziyesa katswiri. Choncho alamu anga a ku Domue atandipatsa kagalu kakakazi, sindinafunse kalikonse. Galu ndi galu. Ana anakatcha Bonita, kofiirira, khutu limodzi logwa, ndipo kanakula bwino ndi phala la madeya ndi mitu ya kapenta wa ku Cahora Bassa.

Atafika miyezi 8, m'chisanu cha Julayi chija chimalowa mpaka m'mafupa kumapiri kuno, Bonita anayamba kusintha. Nsima ankangoinunkhiza n'kuisiya. Ankakodza timadontho paliponse, pachitsa, pamwendo wa nkhokwe, patsinde pa mtengo wa pichesi, kenako n'kubwereranso pachitsa paja. Akakhala pansi ndiye kupinda khosi n'kumadzinyambita kumbuyo osalekeza. Ndikakhala pakhonde ankabwera kudzanditsamira mwendo, koma ndikangomukhudza cha kumchira, mano panja. Ndinati ndi njoka zam'mimba.

M'mawa wina ndinapeza madontho a magazi pachiguduli chimene amagonapo. Nditamutembenuza ndinaona kumaliseche kwatupa, magaziwo akuchokera komweko.

Tsono mudziwe kuti ine ndi aneba anga sitinkamwerana madzi chiyambire nkhani ya malire a dimba la mbatatesi. Sabata yomweyonso anali atadandaula kuti Bonita wawadyera mazira. Mazira, malire, magazi: mutu wanga unangoti mankhwala a makoswe. Musathamangire kuseka, galu akadya mankhwala amenewo amathadi kutuluka magazi.

Mayi a kunyumba anayesa kulankhula. "Bambo, tadikirani kaye, galuyu mwina..."

"Mwina chiyani? Mukufuna afe kaye?"

Anangotola ndowa n'kumapita kumjigo, mapewa akugwedezeka. Ndinkayesa akulira.

Ndinamunyamula Bonita m'manja mpaka pabwalo la aneba. Ndinawapeza akusema mpini. Zimene ndinalankhula pamenepo sindingazibwereze, koma anthu anatuluka m'nyumba zitatu. Iwo anaika kasemasema pansi, anayang'ana galu wanga, anayang'ananso chigalu chawo chakuda chimene chinali chitayamba kale kundizungulira mchira uli pukupuku, n'kunena modekha kuti, "Achimwene, pitani nayeni kwa a ziweto. Mukabwerako tikakumane kwa anyakwawa." Kudekha kumeneko ndi kumene kunanditsimikizira kuti ndi iwo.

Ndinamuika Bonita m'dengu, kumangirira ndi mphira pakaliyala, uyo ulendo wa ku Ulongwe. Linali tsiku la msika. Ndisanadutse pachigayo ndinamva mapazi kumbuyo. Chigalu cha aneba. Pakamlatho panatulukira ena awiri. Pofika pamsewu waukulu ndinasiya kucheuka, ndinkangomva wefuwefu ndi kulumana. Panali oyera, amawanga, a nthiti zowerengeka, ngakhale galu wina wa miyendo itatu amene ndimamudziwa bwino kuti sachoka pachiwaya cha tchipisi ngakhale umuponde. Tsiku limenelo ankathamanga, ndipo sanali womaliza. Ndikapalasa mwamphamvu nawonso ankawonjezera. Amayi osenza kabichi ankapatukira m'tchire atagwira pakamwa. Mnyamata wina panjinga yamoto anachepetsa liwiro dala n'kukuwa kuti, "Madala, ukwati uli kuti?"

Atekiniko a ziweto, bambo wachikulire ndithu, anatulutsidwa muofesi ndi phokoso. Bonita sanamugwire n'komwe. Anasuzumira m'dengu, anayang'ana gulu limene ndinabwera nalo.

"Ali ndi miyezi ingati?"

"Miyezi 8. Amuthirira mankhwala."

"Senhor, palibe wathira kanthu apa. Namwali wanuyu watha msinkhu."

Anandifotokozera tili chiimire, ine phazi limodzi likukankha agalu. Akuti galu wamkazi amayamba zimenezi ali ndi miyezi 6 mpaka 12. Timagalu ta mtundu waung'ono timafulumira, zikuluzikulu zimachedwa mpaka kupitirira chaka. Zimabwera pafupifupi kawiri pachaka, ndipo zikayamba zimatenga masabata 2 kapena 3. Kutupa kuja, kudzinyambita, kusafuna chakudya, kusinthasintha mtima, zonse n'zomwezo. Kukodzakodza kuja ndi makalata, amasiya fungo loti amphongo awerenge, ndipo mphuno ya galu imawerengera kutali. Wodya mankhwala a makoswe, iwo anati, amafooka, nkhama zimayera, kupuma kumavuta, ndipo sabwera ndi omuperekeza.

Kenako anakweza chala. "Tsono chofunika kwambiri, mumvetsetse apa..."

Pamenepo ndi pamene chigalu cha aneba chinapeza pamene Bonita anandidonthezera pathalauza pomwe ndinkamunyamula. Chinanunkhiza kamodzi, chinandikumbatira mwendo ndi miyendo yakutsogolo, n'kuyamba ntchito. Galu ameneyo ndi wolemera, abale. Ndinagwedeza mwendo, sanachoke. Ndinadumpha ndi mwendo winawo, anadumpha nane. Njinga inagwa, dengu n'kupendekeka, amayi ogulitsa tomato tsidya la msewu anasiya makasitomala n'kuyamba kuwomba m'manja. Atekiniko ankalankhulabe, pakamwa pawo ndinkapaona, koma mawu sanandifike. Atachithamangitsa ndi tsache anamubaya Bonita katemera wa chiwewe kuti ulendo wanga usapite pachabe, n'kunditsanzika akupukuta misozi.

Kwa anyakwawa nkhani sinatalike. Tambala wanga wofiira anapita kwa aneba. Mpaka lero ndimaona kuti msoti ukanakwanira.

Bonita ndinamutsekera m'khola lakale la mbuzi. Pakhomo panga panasanduka pamsasa. Usiku wonse kulira, kulumana, kuthamangitsana m'nazale ya mpiru mpaka yonse kugona pansi. Ndikatuluka ndi tochi ndinkangoona maso obiriwira mbali zonse. M'mawa wina ndinapeza wa miyendo itatu uja atakumba pansi pa chitseko mpaka mutu wonse kulowa, mphuno ili dothi lokhalokha, Bonita ali mkati akumuuwa mwaukali. Zimenezi zinandisangalatsa. Ndinauza mayi a kunyumba kuti galu wanga ndi wolangika, amuna sawafuna.

Itadutsa sabata ndi masiku pang'ono, magazi aja anayamba kutuwa, n'kusanduka timadzimadzi tosaoneka bwino. Ukali unatha. Ndikamusisita pamsana ankaima chilili n'kupatutsira mchira pambali. Inuyo mukanaganiza chiyani? Magazi atha, mtima wakhala pansi, ndiye kuti zatha. Munthu aliyense wamutu wabwino akanaganiza chimodzimodzi.

Lachinayi limenelo mapemphero a mphakati anali kwathu, ndipo apongozi anga aakazi anali atabwera kuchokera ku Domue kudzaona zidzukulu. Bonita ankalira m'khola muja mosalekeza, ndiye ndinati asasokoneze mapemphero. Ndinamutsegulira anthu asanayambe kufika. Anatuluka, anadziwongola, n'kuzimirira kuseri kwa nkhokwe.

Amayi anakhala pamphasa, abambo pamabenchi, ana kutsogolo. Akatekisiti atangotsegula buku, kuseri kwa nkhokwe kunamveka kwee! Kenako anatulukira, Bonita ndi chigalu cha aneba, atalumikizana kumbuyo, wina kuyang'ana kum'mawa wina kumadzulo. Wakuda uja akakokera kwawo, Bonita ankakokera kukhitchini, ndipo kukokanako kunawafikitsa pakati penipeni pa bwalo, pafupi ndi mtondo, pamaso pa mphasa ya apongozi. Pamenepo anaima, malilime panja, n'kumayang'ana anthu.

Ana anauzidwa kuti akatunge madzi. Palibe anasuntha.

Ine ndinathamangira ndowa. Apongozi anga, amene chikwatirire mwana wawo sanandiyang'anepo m'maso, anaweramitsa mutu n'kulankhula ndi mwana wawoyo, koma mokweza moti aliyense anamva. "Auzeni bambo a kwanuwo asiye madziwo. Akawalekanitsa mokakamiza awavulaza onse awiri. Amamasuka okha."

Ndinaima ndi ndowa m'manja. Akatekisiti anakhosomola n'kunena kuti, "Abale, tiyeni tiimbe." Anasankha nyimbo yaitali kuposa zonse m'bukumo. Tinaimba ndime zonse, aliyense maso kumwamba, moti wodutsa m'njira akanati pakhomo pano pali chikhulupiriro. Itatha, mmodzi wa amayi anaponya diso pansi n'kuyambitsanso ndime yoyamba. Aneba anga, amenenso ndi a mphakati womwewo, ankaimba besi ndi mphamvu zimene sindinawamvepo nazo.

Sabata yotsatira ndinabwerera kwa atekiniko, wapansi, nditavala thalauza lina. Anandimvetsera mpaka kumapeto n'kugwira m'mutu. "Si zimene ndinkakuuzani zija? Masiku 7 mpaka 10 oyambirira, magazi ali ofiira, wamkazi amakana yekha. Akayamba kutuwa, mchira n'kumapatukira pambali, ndi pamene amavomera, ndi pamenenso amatenga mimba. Inu mwamutsekera nthawi imene ankadzilondera yekha, n'kumutsegulira tsiku lenilenilo. Amafunika masabata 3 athunthu ali mkati." Ndinawakumbutsa kuti munthu sangamve uphungu galu ali pamwendo. Anavomera kuti pamenepo mfundo ilipo. Kulumikizana kuja akuti kumatenga mphindi 5 mpaka 30, ndipo ine ndikuchitira umboni kuti athu aja sanasankhe 5. Anandiuza kuti ndiwerenge masiku pafupifupi 63, komanso kuti dokotala wa ziweto amatha kumupanga opaleshoni yoti asamaberekenso, zonsezi n'kutheratu. Ndinati ndiganizira. Ndalama yake inapita ku feteleza.

Kumapeto kwa Seputembala Bonita anaswa ana 7 pansi pa nkhokwe. Anayi akuda bii, awiri ofiirira, ndi mmodzi woyera wamawanga amene aliyense womuona ankangotchula galu wa pachiwaya uja. Zoti ana a mimba imodzi amatha kukhala ndi abambo osiyana ndinaziona ndi maso angawa. Zikuoneka kuti kuseri kwa nkhokwe kunachitika zambiri akatekisiti asanafike.

Ana atasiya kuyamwa, aneba anabwera m'mawa, anaodira mwaulemu, anakhala pampando, anafunsa za mvula ndi za mbatatesi. Kenako anati mwini wamphongo sabwerera chimanjamanja. Anasankha wonenepa kuposa onse, wakuda, n'kumunyamula m'khwapa. Amphongo otsalawo anthu anawalanda tsiku lomwelo.

Aakazi atatu palibe wawafuna. Ndikanena kuti ndi aulere, munthu amayamba wamutembenuza, n'kumubweza pansi, n'kundifunsa ngati ndidzapitenso kumsika panjinga. Pano ndikulemba, Bonita wayambiranso, ali m'khola, chitseko ndachikhomera lata mpaka pansi. Ana ake atatuwo akwanitsa miyezi 6 mwezi wamawa, ndipo khola ndili nalo limodzi.