Kuwerenga miyala ya ku Ryōan-ji

Amene akupita ku Ryōan-ji, kachisi wa Chibuda cha Zen mumzinda wa Kyoto ku Japan, asayembekezere maluwa kapena dziwe la nsomba m'munda wotchukawo. Ndi bwalo chabe, mamita pafupifupi 25 m'litali ndi 10 m'lifupi, loyalidwa timiyala toyera. Pakati pake pali miyala 15 m'magulu asanu: isanu, iwiri, itatu, iwiri, itatu. Ajapani amautcha munda wotere karesansui, ndiye kuti mapiri ndi madzi zouma. Kachisiyu anamukhazikitsa mtsogoleri wankhondo Hosokawa Katsumoto mu 1450.

M'bwalomo salowamo. Nsapato zimavulidwa pakhomo, munthu n'kukakhala pakhonde lamatabwa. Alendo ambiri amalakwitsa pomwepa: kuima, kujambula, basi apita. Khalani pansi kumapeto kwa khonde muwerenge miyala, siikwana 15. Sunthani pang'ono, wobisika uja waonekera, koma wina walowa kuseri kwa unzake. Munda umasintha ndi pamene mwakhala, choncho kuuona pamalo amodzi n'kuuona theka. Fikani m'mawa atangotsegula, chifukwa dzuwa likakwera khondelo limadzaza thothotho.

Zoyera zija si mchenga, ngakhale ambiri amatero. Mchenga ukanafafanizika ndi mphepo kapena mvula yoyamba. Ndi timiyala tophwanyika, tokhala ndi ngodya, n'chifukwa chake mizere imakhalitsa. Wopala amakoka chipangizo chamatabwa chamano ngati chipeso, akuyenda chafutambuyo kuti mapazi ake asatsale. Mizere yowongoka imatsata litali la bwalo, ikafika pamwala imauzungulira ngati mafunde pachilumba. Miyalayo sanangoisanjika pamwamba ayi, mbali ina anaikwirira pansi. Mwala wongoikidwa pamtunda umaoneka ngati wagwa pa lole, pomwe wokwiriridwa umaoneka ngati unamera pomwepo. Otengera luso limeneli kwawo amalephera kwambiri pamfundo iyi.

Musaiwale mpanda wakumbuyo. Dothi lake analisakaniza ndi mafuta, ndipo mawanga oderako amene mukuona ndi mafutawo akutuluka pang'onopang'ono m'zaka zambiri.

Zobiriwira m'tsinde mwa miyala ndi ndere. Ndere ilibe mizu yeniyeni, imangomatirira, ndiye ikapondedwa imazuka ndipo kubwerera kwake n'kwa zaka. Ku Saihō-ji, kachisi wina wa ku Kyoto komwe kuli mitundu ya ndere yoposa 120, salandira munthu amene sanalembetse pasadakhale.

Ku Ryōan-ji, kuseri kwa nyumba ya khonde lija kuli tsukubai, mwala wosemedwa wosungira madzi osamba m'manja asanamwe tiyi. Ndi waufupi dala, kuti aliyense, ngakhale wolemekezeka, awerame. M'minda yozungulira nyumba zomweramo tiyi mukapeza kamwala komangidwa chingwe chakuda pakati pa njira, ameneyo ndi sekimori ishi. Palibe chikwangwani, koma akuti njira imeneyo musadzere.