Ulemu Wanga Unaimitsa Wotchi ku Shiga Kogen

Ku Japan munthu amapereka ulemu powerama, ndipo kuweramako kuli ndi miyeso yake: pafupifupi madigiri 15 popereka moni wamba, madigiri 30 kwa munthu amene ukumulemekeza, ndi madigiri 45 pothokoza kwambiri kapena popepesa. Ine, amene ndinaleredwa pakhomo pomwe mwana salandira kanthu kwa wamkulu ataimirira, ndinaigwira miyeso imeneyi msanga, moti banja limene linkandisunga pa nthawi ya maphunziro linkandionetsa kwa alendo monyadira.

M'mwezi wa February banjali linanditengera ku Shiga Kogen, m'chigawo cha Nagano, kukaonera mwana wawo wamkazi pa mpikisano wa achinyamata wa snowboard, masewera otsetsereka pa chipale chofewa cha m'mapiri munthu ataima pa thabwa limodzi. Bambo wa mwanayo anandilozera phiri la Yakebitai n'kundiuza kuti mu 1998, chaka chimene masewerawa analowa mu Olimpiki, mpikisano wa giant slalom unachitikira pamenepo ndipo Ross Rebagliati wa ku Canada ndiye anatenga mendulo ya golide. Mpikisano wa mwana wawo unali wa mtundu womwewo: aliyense amatsika yekha, akukhotakhota pakati pa mbendera, ndipo wotchi imayamba akangokankha kandodo ka poyambira, n'kuima akadutsa pa kuwala kosaoneka kumene kamakina kamaponya pa mzere womaliza. Kamakinako sikafunsa kuti wadutsayo ndi ndani.

M'mawa anandibwerekera thabwa langa, nandimangirira miyendo yonse iwiri pamenepo, chinthu chimene mpaka pano ndimachiona ngati chilango osati masewera. Lamulo limene anandiphunzitsa linali limodzi: ukafuna kuima pamalo otsetsereka, yang'ana kumunsi, kweza zala za kumapazi, ndipo kanikiza zidendene kuti m'mphepete mwa thabwa mulume chipale chofewacho. Ukangolemerera kutsogolo, thabwa limamasuka n'kunyamuka nawe. Lamuloli ndinalisunga bwino ndithu, ndipo mpikisano utayamba ndinali nditaima mwaulemu pambali pa njira, kumtunda pang'ono kwa mzere womaliza, pafupi ndi mpata umene anasiya pa ukonde kuti osalaza njira azidutsapo.

Chokuzira mawu chitangolengeza kuti mtsikana wathu wanyamuka pamwamba, kunatulukira agogo ake, munthu wa imvi koma woyenda mosatekeseka pa ski, timatabwa tiwiri totsetserekera tomanga kumapazi. Anaima kumunsi kwanga pang'ono, navula magalasi, nandiweramira. Ndinabweza madigiri 30 mosamala, zidendene zili ngangaa. Agogowo, pokondwa kuti mlendo wochokera kutali wabwera kudzachemerera mdzukulu wawo, anaweramanso motsika kuposa poyamba. Kodi mwana wa munthu angalole kuti mkulu wotere amuposere ulemu? Ndinapereka madigiri 45 athunthu, manja ali m'mbali monga anandiphunzitsira.

Thabwa linanyamuka. Silinathamange ayi, ndipo chimenecho ndicho chinawonjezera manyazi, chifukwa aliyense anali ndi nthawi yokwanira yoonera. Ndinadutsa agogo aja ndili chiweramire, iwo n'kuyesa kuti ndikupitiriza mwambo, naweramanso kachitatu pondiperekeza. Ndinalowa pa mpata wa ukonde, ndinapingasa njira ya mpikisano pang'onopang'ono ngati mkwati wopita kuguwa, ndipo poopa kuti ndikadzuka ndigwa chagada, ndinafika pa mzere womaliza mutu uli patsogolo. Wotchi inaima, ndipo pa chikwangwani panaoneka dzina la mtsikana uja ndi nthawi imene ngakhale Rebagliati sakanailota, pamene mwiniwake anali asanafike n'komwe pakati pa phiri.

Amene anali kutali anayamba kuwomba m'manja. Amene anali pafupi anangoti zii, kenako anabisa nkhope m'magolovesi, mapewa okha akugwedezeka. Wina anakweza mbendera yoimitsa mtsikanayo, ndipo woyang'anira mpikisano anabwera akuthamanga pamene ndinakagwera. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma iye anandiweramira madigiri 45 n'kupepesa chifukwa cha mpata wa ukonde uja. Nditayesa kudzuka kuti ndibweze ulemuwo, amuna awiri anandigwira mapewa mwamphamvu n'kundikhazika pansi, wachitatu akumasula zingwe za kumapazi mofulumira.

Mtsikanayo anapatsidwa mwayi wotsikanso, monga amachitira wopikisana akasokonezedwa panjira, ndipo anamaliza pakatikati pa gulu. Madzulo tikudya, agogo ake anapempha kuti mawu awo andimasulire bwinobwino: akuti banjalo lakhala likulipira aphunzitsi a masewerawa kwa zaka zambiri, koma palibe amene anachepetsa nthawi ya mdzukulu wawo monga ndinachitira ine, choncho akufuna kudziwa ngati ndidzapezekenso pa mpikisano wa mwezi wamawa. Mtsikanayo anayankha ndisanatsegule pakamwa kuti ndibwere ndithu, koma ndidzaonere pa zenera la lesitilanti.