Chisanu chikamatsazika: zimene ndimaona ndi kuchita mu Ogasiti

Kuno ku Limbe, kumapeto kwa Julayi ndi m'masabata oyamba a Ogasiti, munthu amatuluka m'nyumba m'mawa atavala juzi ndi chipewa, pofika masana juziyo ili paphewa, ndipo dzuwa likangopendeka amayambanso kuifunafuna. Ambiri a ife tikaona dzuwa la masana likuwala bwino timaganiza kuti chisanu chatha, choncho timafulumira kupinda mabulangete ndi kuvula ana zovala zotentha. Pakhomo panga ndaona kwa zaka zambiri kuti masabata amenewa ndi amene amafuna maso kwambiri, chifukwa chisanu chimachoka pang'onopang'ono, ndipo chisanachoke n'komwe mphepo ndi fumbi zimakhala zafika kale.

Tsiku limene dzuwa limakhala kanthawi kochepa kwambiri kuthambo kuno kwathu limagwa cha pa 21 Juni. Tsikulo ku Blantyre kumawala maola 11 ndi mphindi zochepa, pamene kumapeto kwa Disembala kumawala pafupifupi maola 13. Munthu angayembekezere kuti tsiku limeneli likangodutsa kuyamba kufunda, koma sizitero, chifukwa nthaka ndi madzi zimachedwa kutaya kutentha ndipo zimachedwanso kukulandira. N'chifukwa chake Julayi amazizirabe ngati Juni, ndipo m'mawa wa Ogasiti umalumabe zala ngakhale masana atayamba kutalika. Zimenezi zimachitikanso tsiku lililonse: nthawi yozizira kwambiri si pakati pa usiku, koma m'bandakucha dzuwa litatsala pang'ono kutuluka, pamene nthaka yakhala ikutaya kutentha usiku wonse. Usiku wopanda mitambo, nyenyezi zili mbee, ndi umene umazizira kwambiri, popeza mitambo ikakhalapo imatchinga kutenthako kuti kusathawire kumwamba. Agogo anga aakazi, amene ankakhala ku Dedza, akaona kuthambo kwayera chotero ankatiuza kuti tilowetse nkhuni zambiri ndi kufunditsa udzu pa mbande za tomato, ndipo m'mawa mwake tinkapezadi masamba a mbatata atawauka m'dambo.

Kuzizira kwa Dedza kuli ndi chifukwa chake. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 munthu akakwera mamita 1,000 alionse, ndipo tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene Nsanje ili pansi kwambiri, yosafika n'komwe mamita 100. Choncho pa tsiku limodzimodzilo wina ku Dedza akuwotha moto, wina ku Chigwa cha Shire wavala malaya opepuka. Pamwamba pa Nyika ndi pa phiri la Mulanje, pomwe nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002, madzi amatha kuundana usiku. Amene akukonza ulendo wopita kumadera okwera mu Ogasiti asayese nyengo ndi mmene kulili kwawo.

Ife a kumapiri a kummwera tili ndi mlendo wathu amene a ku Lilongwe samudziwa bwino, ndiye chiperoni. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone, limene lili m'boma la Milange ku Mozambique ndipo ndi lalitali kupitirira pang'ono mamita 2,000, chifukwa mitambo yake imatulukira cha kumeneko. Mpweya wachinyontho wochokera ku nyanja yamchere ya Indian umakankhidwa ndi mphepo ya kummwera chakum'mawa, ndipo ukamakwera mapiri a Mulanje, Thyolo, Blantyre ndi Zomba umazizira n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza imene imatha kukhala masiku awiri, atatu, nthawi zina kuposerapo. Minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje imapindula nacho chinyontho chimenechi pa nthawi imene kwina konse kwauma. Chiperoni cha mu Ogasiti chimavuta chifukwa chimabwera anthu ataiwala kale. Ine ndimachapa zovala zolemera tsiku limene kwacha bwino ndipo ndimaziyanika m'mawa kwambiri, chifukwa chovala chimene chagona chonyowa masiku awiri chimagwira fungo la nkhungu lovuta kulichotsa. Chikandipeza zili pachingwe, ndimaziyanika pakhonde pamene pakupita mphepo, osati m'chipinda chogona.

Nkhani imene ndikufuna kukhalapo nthawi ndi ya mbaula, chifukwa inatsala pang'ono kutitengera anthu awiri m'banja mwathu. Chaka china, usiku wa chiperoni, msuweni wanga ndi mkazi wake anaphika nsima pambaula, ndipo ataona kuti makala akadali ofiira analowetsa mbaulayo kuchipinda kuti iwafunditse, n'kutseka chitseko ndi zenera, mpaka kutsekanso mpata wa pansi pa chitseko ndi chiguduli. M'mawa ndinapita kukawatenga kuti tipitire limodzi kumaliro, ndipo ndinagogoda nthawi yaitali osayankhidwa. Atatsegula, msuweniyo anali kudzandira atagwira khoma, maso ali ofiira, akudandaula kuti mutu ukung'ambika, pamene mkazi wake anali atasanza ndipo ankalephera kudzuka. Nditaona phulusa pakona ndinawafunsa kuti, "Asuweni, kodi mbaulayi munagona nayo muno?" Iwo anayankha motsitsa kuti makalawo sankafuka utsi, choncho sanaone vuto.

Pamenepo ndi pamene ambiri timanamizika. Makala akamayaka m'chipinda chosalowa mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka, sununkha ndipo sutsokomoletsa. Mpweyawu umagwirana ndi magazi mwamphamvu kuposa ka 200 poyerekeza ndi mpweya wabwino umene timapuma, moti munthu amafooka ali m'tulo osadziwa kuti chikuchitika n'chiyani. Makala ofiira opanda utsi ndi oopsa chimodzimodzi. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo zikagwira anthu onse a m'chipinda chimodzi nthawi imodzi, mpweya umenewu ndi woyamba kuuganizira. Chofunika ndi kutsegula zitseko ndi mazenera, kutulutsa anthuwo panja, ndi kupita nawo kuchipatala ngakhale aoneke kuti atsitsimuka. Ife tinachita zimenezo ndipo onse awiri anachira. Kuyambira nthawi imeneyo, pakhomo panga mbaula imathera panja, ndipo amene wazizidwa timamupatsa bulangete lina kapena botolo la madzi otentha lotsekedwa bwino ndi kukulungidwa m'chitenje. Alonda ausiku amene amakhala m'tinyumba ting'onoting'ono ta pageti ndi amene ndimawadera nkhawa kwambiri, ndipo ndikupempha owalemba ntchito kuti aziwagulira jekete ndi bulangete m'malo mowasiya adzifunditse ndi makala.

Moto womwewo umapsereza ana amene amauyandikira m'mawa akudikira phala. Mwana akapsa, malo opsawo athiridwe madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, kenako aphimbidwe ndi nsalu yoyera popita kuchipatala. Dzira, mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano ndi phulusa zisapakidwe, chifukwa zimasunga kutentha pabala ndi kulowetsa tizilombo.

Mphepo imene imatibweretsera chiperoni ikafika kunyanja imatchedwa mwera. Nyanja ya Malawi ndi yaitali kuchokera kummwera kupita kumpoto, choncho mwera umayenda pamwamba pa madzi mtunda wautali popanda choutchinga ndipo umautsa mafunde oti bwato silingalimbane nawo. Nthambi yoona zanyengo imachenjeza pawailesi mwera ukamabwera, ndipo asodzi odziwa amakokera mabwato kumtunda n'kumasoka maukonde kudikira kuti nyanja igone. Ife a kumtunda timauona mwera pamsika, usipa ukachepa n'kukwera mtengo. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti mphepo yomweyi imadyetsanso nyanja: imakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kummwera madzi ozizira a pansi amakwera atanyamula chonde chimene chimameretsa tizomera ting'onoting'ono todyedwa ndi tizilombo ta m'madzi ndi nsomba. Amene akupita ku Mangochi, Salima kapena Nkhata Bay ndi ana pa tchuthi cha Ogasiti afunse eni dera asanalowe m'madzi, ndipo mwini bwato akanena kuti lero sikoyenda, amumvere.

Kumtunda mphepo ya Ogasiti imabwera ndi fumbi. Udzu wauma, minda ili poyera, ndipo masana akamvuluvulu amazungulira m'misewu atanyamula mapesi ndi mapepala. Khungu limatuwa, milomo imasweka, zidendene zimachita ming'alu. Mafuta monga Vaseline amagwira bwino ntchito akapakidwa munthu atangosamba khungu likadali lonyowa pang'ono, chifukwa ntchito yake ndi kutsekera chinyontho chimene chilipo kale. Zidendene ndimaziviika m'madzi ofunda madzulo, kuzikhula pang'ono ndi mwala, kupaka mafuta ndi kugona nditavala sokosi. Pabwalo ndimawaza madzi ndisanasese kuti fumbi lisalowe m'nyumba ndi m'zifuwa. Chimfine chimayamba ndi tizilombo, osati kuzizira pakokha, koma nyengo ino timapatsirana mosavuta popeza timadzitsekera m'nyumba ndi m'minibasi mazenera ali otseka. Chimfine wamba chimatha ndi kupuma ndi kumwa zamadzimadzi zambiri, koma mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, kapena akakana kuyamwa, chingakhale chibayo ndipo asagone naye pakhomo.

Mphepo yomweyo ndi imene imasandutsa kamoto ka anyamata osaka mbewa kukhala moto wolusa. Amene ali ndi nkhalango, nkhokwe kapena mitolo ya udzu wofolera alambule mozungulira mwezi uno usanathe. Mapesi a m'munda ndi bwino kuwakwirira kapena kupangira manyowa kusiyana ndi kuwatentha, ndipo manyowa oyambidwa tsopano amakhala atapsa pofika nthawi yobzala.

Oweta nkhuku za m'mudzi amadziwa kuti kukayamba kufunda ndi kuwomba mphepo, chitopa chimakhala chili pafupi, ndipo chikalowa m'khola chimatha kupulula nkhuku zonse m'masiku ochepa. Matendawa alibe mankhwala ochiza, koma ali ndi katemera wotchedwa I-2, amene amaperekedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi mwanapiye yemwe, ndipo amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Mayi anga amatsekera nkhuku usiku, ndipo m'mawa wotemera akafika amazitulutsa imodziimodzi; iwo amagwira mapiko ndi kupendeketsa mutu, dontho likagwa amadikira nkhukuyo iphethire, kenako amaitaya pabwalo n'kutenga ina. Ntchito yonse siitenga ola, koma imafunika kuchitika nkhuku zikadali zathanzi, chifukwa katemera sathandiza yodwala kale. Nkhuku yogula kumsika kapena yopatsidwa ndi achibale ikhale payokha masabata awiri isanasakanizidwe ndi zinzake.

Uno ndi mwezinso wotsegula matumba a chimanga n'kuona ngati anankafumbwe sanalowe, popeza tizilomboti timaswana msanga kukayamba kutentha. Ndimalowetsa dzanja mpaka pakati pa thumba, ndipo likatuluka ndi ufa kapena ndikamva kufunda m'katimo, ndimadziwa kuti chimangacho chikufuna kuyanikidwa ndi kupetedwa. Matumba a PICS, amene amakhala ndi matumba ena apulasitiki m'kati, amasunga chimanga popanda mankhwala chifukwa salola mpweya kulowa, koma amafuna chimanga chouma bwino ndi kumangidwa kolimba, ndipo akangoboola makoswe ntchito yake yatha. Matumba asakhudze pansi kapena khoma. Za chakudya sindidandaula nyengo ino: mbatata yootcha paphulusa imakhala itatsekemera, nzimbe zili paliponse, manachesi a ku Mwanza akumalizika, ndipo madimba akutulutsa mpiru ndi repu zimene zimakoma kwambiri kukamazizira.

Kumapeto kwa mwezi, Loweruka lomaliza la Ogasiti, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pa mwambo wa Kulamba, kumene mafumu amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Opita kumeneko amafunika bulangete la usiku ndi kansalu kotchinga fumbi masana, ndipo m'njira amaona chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira kuposa kalendala. Mitengo ya m'thengo monga mombo imayamba kuphuka masamba atsopano ofiira ndi ofiirira mvula isanagwe ndi dontho lomwe, ndipo masambawo amabiriwira pakapita masabata ochepa. Mango nawo amakhala atachita maluwa, ena atayamba kale kuonetsa tizipatso.

Ndikaona masamba ofiirawo ndimayamba kuchapa mabulangete, limodzilimodzi, tsiku la dzuwa ndi kamphepo, ndipo ndimawasiya pachingwe mpaka aume ndithu ndisanawapinde, chifukwa bulangete losungidwa ndi chinyontho limatuluka chaka chamawa lili ndi nkhungu. Majuzi a ana ndimawayesa kaye kuti amene awachepera apite kwa ang'ono awo. Bulangete limodzi lokha ndimalisiya kumiyendo kwa bedi mpaka mitengo ya jakaranda ya m'misewu ya Blantyre itachita maluwa mu Seputembala.