Ndinakaona Lucifer kuseri kwa gome ku Liège

Asuweni anga amene amakhala ku Brussels atandiuza kuti Loweruka tikwere sitima tikaone chiboliboli cha Lucifer, ndinayamba ndaseka. Nditaona kuti nkhope yawo ili phee, ndinati, "Asuweni, mwandiitanira ku Belgium kuno kuti mudzandilowetse zasataniki?" Iwo anangoti ndisade nkhawa, chibolibolicho chili m'tchalitchi cha Katolika, ndipo tikalowera khomo lomwe amalowera anthu a Misa.

Kuchoka ku Brussels kukafika ku Liège sitima imatenga pafupifupi ola limodzi. Tinatsikira pa siteshoni ya Liège-Guillemins, chinyumba cha magalasi ndi zitsulo zoyera chimene anachitsegula mu 2009. Pamenepo tinakumana ndi mayi wina amene asuweni amagwira naye ntchito, ndipo ndinauzidwa tili m'njira kuti iye amadzitcha wa chikhulupiriro cha Lucifer. Ndisaname, chikwama changa ndinachisinthira phewa linalo.

M'tchalitchi cha Saint-Paul, Lucifer simungamuone mukakhala pa benchi. Kutsogolo kwa gome lolalikirapo kuli oyera mtima. Iyeyo ali kuseri, pakati pa masitepe awiri okwerera pagomepo. Ndi mnyamata wa mwala woyera, wakhala pathanthwe, mapiko ake ngati a mleme, unyolo pamwendo. Dzanja limodzi wagwira pamutu, linalo wagwira chisoti chachifumu ndi ndodo yothyoka. Pansi pali chipatso cholumidwa. Tinyanga take n'tating'ono, tobisala m'tsitsi. Nditayandikira ndinaona msozi umodzi patsaya, ndipo ndi umenewo unandiimitsa nthawi yaitali. Ndinkayembekeza chilombo, ndinapeza munthu wooneka ngati wangochotsedwa ntchito yapamwamba.

Anachisema ndi Guillaume Geefs, ndipo chinaikidwa mu 1848. Chisanabwere panali china cha mng'ono wake, Joseph Geefs, chimene akuluakulu a mpingo anachichotsa ati Lucifer wake anakongola mopitirira muyeso. Chimenecho tsopano chili ku nyumba yosungira zaluso ku Brussels. Nanga chachiwirichi ndiye chonyansa? Ayi ndithu. Vuto la ansembe aja silinathe.

Titatuluka tinakakhala pomwera khofi, ndipo mayi uja anayamba ndi dzina lenilenilo. M'Chilatini lucifer amatanthauza wonyamula kuwala, ndipo linali dzina la nyenyezi yotuluka m'bandakucha, Venus. Apa ndinadzidzimuka, chifukwa imeneyo ndi nthanda yathu yomwe ija, imene agogo ankadzukira popita kumunda. Pa Yesaya 14:12, pamene Baibulo la Chilatini linalemba lucifer, lathu la Chichewa likuti nthanda, ndipo gawo limenelo likunyoza mfumu ya ku Babulo. Pa 2 Petro 1:19 Chilatini chikugwiritsanso ntchito mawu omwewo, koma ponena za kuwala kotuluka m'mitima ya okhulupirira. Kunalinso bishopu wa ku Cagliari ku Italy, m'zaka za m'ma 300, dzina lake Lucifer. Ine wokulira mu Sande sukulu, zonsezi ndinkazimva koyamba.

Mayiyo anati sapembedza aliyense, ndipo sakhulupirira kuti kuli mzimu wotchedwa Lucifer. Kwa iye ndi chifaniziro chabe cha munthu wofunsa mafunso, wokana kugwada asanamvetse, wosenza yekha zotsatira za zochita zake. Anavomera kuti alipo ena amene amam'tenga ngati mzimu weniweni nayatsa makandulo, komanso kuti ambiri a iwo safuna kusakanizidwa ndi Church of Satan imene Anton LaVey anayambitsa ku San Francisco mu 1966. Za magazi ndi zokhwimira chuma, zimene kwathu timaganiza tikangomva dzinali, anazimva kwa ine, ndipo anandifunsa kawiri ngati ndikunena zoona.

Za kufunsa mafunsozo zinandigwira mtima. Ndinakumbukira mmene ndinakalipidwira ndili mwana nditafunsa kuti Kaini anam'peza kuti mkazi. Mpaka lero ndimaona kuti amene anandikalipirayo ndiye analakwa. Koma mayiyo atafika ponena kuti munthu ndi mulungu wa iye mwini, ndinatsala. Ine sukulu anandilipirira amalume, maliro a bambo anga anayendetsa ndi anthu a m'mudzi, ngakhale tikiti ya sitima tsiku limenelo anagula asuweni. Ndiziunikira ndekha ndi nyali iti? Ndinamuuza kuti nzeru imeneyi imakoma kwa munthu amene boma limam'samala akadwala, ndipo samafunikira kugogoda kwa aneba usiku. Anaseka, n'kuti mwina, koma aneba omwewo ndi amene amaletsa mwana kufunsa za Kaini. Pamenepo ndinangomwa khofi.

Madzulo tinakwera masitepe 374 a Montagne de Bueren, tinaona mtsinje wa Meuse uli m'munsi, miyendo ili njenjenje. Tili m'sitima pobwerera ndinatumizira mayi anga chithunzi cha chiboliboli chija pa WhatsApp, osalembapo kanthu. Anayankha msanga kuti mngelo wokongola bwanji, nanga akulira chiyani? Ndinalemba dzina lake, ndinalifufuta, n'kuwatumizira chithunzi cha mtsinje.