Lipoti la ulendo wathu wokawedza salmon pa Lake Michigan

Abale ndi alongo, atcheya anandipempha kuti ndilembe mmene ulendo wathu wa kunyanja unayendera kuti amene munalephera chifukwa cha mashifiti mumveko, ndiye pepani ndilemba motalikirapo pang'ono chifukwa pali zina zomwe mpaka lero sizikundichoka m'mutu.

Tinapita anthu 11, ambiri a kuno ku South Bend ndi Mishawaka m'boma la Indiana, mmodzi wa ku Berrien Springs, awiri a ku Chicago. A ku Chicagowo anabwera Lachisanu madzulo n'kugona konkuno poti nthawi ya kuno ndi ya ku Michigan ili patsogolo ndi ola limodzi kuyerekeza ndi kwawo, akananyamukira kwawo boti akanalipeza litapita. Maboti tinachita haya awiri chifukwa laisensi ya makaputeni amenewa imawalola kunyamula anthu osapitirira 6, aliyense anasonkha madola 130, kenako aliyense anadzigulira yekha pa foni laisensi yowedzera ya tsiku limodzi ya boma la Michigan. Imeneyi ndiye palibe kunyengerera, kaputeni anafuna kuiona kwa munthu aliyense tisanaponde m'boti.

Tinanyamuka cha m'ma 4 koloko m'bandakucha kudzera msewu wa US-31, ola lisanakwane tinali tafika ku St. Joseph kudakali mdima. Chinthu choyamba chimene chinandigwira mtima n'choti boti linali litakocheza mumtsinje, ndipo mtsinje wake ndi wa St. Joseph womwe uja timauoloka tsiku ndi tsiku ku South Bend popita kuntchito osaucheukira n'komwe. Apa ndi pamene umathira m'nyanja. Tinatuluka pang'onopang'ono kudutsa pa nsanja ya nyale ija ili kumapeto kwa doko, kenako kaputeni anaponda moto, magetsi a m'tauni n'kumachepa kumbuyo kwathu mpaka tinangotsala ife ndi madzi. M'boti lathu munali madala athu aja a ku Nkhotakota, amene anakulira m'bwato asanapite kusukulu, ndiye kutayamba kuyera anaima n'kumayang'ana uku ndi uku, akuti "ana inu, dzuwa la kuno likutulukira kumtunda." Zoonadi, ife a ku Nkhotakota ndi Salima tinazolowera dzuwa lotuluka m'madzi, koma apa tinali ku gombe la kum'mawa ngati mmene kulili kwa Makanjira ku Mangochi, dzuwa limachokera kumtunda n'kukalowera m'nyanja. Nyanjayi kutambalala kwake ndi pafupifupi kawiri ya kwathu, masikweya kilomita cha m'ma 58,000 pomwe yathu ili cha m'ma 29,600, koma kuya ndiye siyifikako, pakuya penipeni ndi mamita 281 pomwe yathu imakafika cha m'ma 700. Madala atamva zimenezi anamwetulira kwambiri.

Kawedzedwe kake sikaja timadziwa ife koima malo amodzi n'kuponya mbedza ya nyongolotsi ayi. Boti siliima, limangoyenda pang'onopang'ono mailosi awiri kapena atatu pa ola ngati munthu wapansi, likukoka zingwe kumbuyo, ndipo nyambo yake si yamoyo, ndi tizitsulo tonyezimira tokhala ngati supuni yopanda chogwirira, ena obiriwira ena a buluu ena owala mumdima, ndiye akamakokedwa amagwedezeka m'madzi ngati kansomba kovulala. Lamulo limalola ndodo zitatu pa munthu, kaputeni ndi mnyamata womuthandiza anatchera 12 ndipo ine ndimangodikira kuti zikolana nthawi yanji, koma sizinakolane olo kamodzi chifukwa chingwe chilichonse chinali ndi njira yake. Zina amazimangirira ku chimpira chachitsulo cholemera ngati makilo 5 kapena 6 chomwe amachitsitsa ndi waya pa makina otchedwa downrigger, nsomba ikaluma chingwe chimasomphoka pa kachopanira n'kutsala iwe ndi nsomba basi. Zina amaziika kachimbale kotchedwa Dipsy Diver komwe kamamira cham'mbali, zina amazimangira ku timatabwa toyandama tomwe timathawira kutali kumanzere ndi kumanja kwa boti ngati mapiko.

Ndinamufunsa kaputeni kuti amadziwa bwanji kuya koti atsitse, anandionetsa pa sikirini manambala awiri. Pamwamba madzi anali madigiri 21, koma pansi pomwe panali chimpira chija, mamita ngati 20, anali madigiri 10. Akuti nthawi yotentha nyanja imagawikana, madzi ofunda pamwamba ozizira pansi, ndipo salmon amakonda kuzungulira pamalire pamenepo, ndiye iye tsiku lililonse sasaka nsomba kwenikweni, amasaka kuzizirako, mphepo ikasintha usiku malirewo amasunthanso. Nditawamasulira madala anangoti "ifenso mwera ukawomba masiku atatu timadziwa kuti usipa wasamuka, kungoti ife timamvera pakhungu." Awiriwa anagwirizana kwambiri tsiku lonse ngakhale Chingerezi cha kaputeni chinali chothamanga.

Nsomba yoyamba inaluma dzuwa litangotuluka. Ndodo ya pa downrigger ija inali yopindika inangodzuka mwadzidzidzi kenako n'kugwadanso, chokulungira chingwe n'kuyamba kulira ngati chikung'ambika, mnyamata uja anaitsomphola n'kuwapatsa mayi athu aja a ku Zomba, anesi aja, poti tinagwirizana kuti amayi ayambe. Mayiwa sanagwirepo ndodo yowedzera chibadwire. Chingwe chinkangopita, iwo akuyesa kukulunga koma osatheka, nkhope yonse thukuta kuli kozizira, madala anaima pambali pawo akuti "mayi musalimbane nayo, isiyeni ithamange itope yokha, ikaima ndiye mukoke," ndipo kaputeni kumbali inayi amanenanso zomwezo m'Chingerezi asakudziwa kuti madala anena kale. Zinatenga mphindi ngati 20. Itafika pafupi tinaiona ikung'anima pansi pa madzi ngati lata latsopano, inatembenukanso kamodzi n'kuthawa, kenako mnyamata anaiwola ndi neti yamtengo wautali n'kuigwetsera m'boti. Inali salmon ya mtundu wa Chinook, imene kuno amangoti king, mapaundi 18 pa sikelo, m'kamwa mwakuda bii, mchira wa mathothomathotho. Mayi aja anakhala pansi manja akunjenjemera kenako anayimba nthungululu pakati pa nyanja, a boti linalo anamva ali patali n'kuimba foni kufunsa kuti kwagwanji.

Madala anagwada n'kuisisita pamsana nthawi yaitali osayankhula, kenako anati "iyi ndi mpasa iyi." Ndipo sanalakwe kwenikweni, mpasa yathu ija azungu anaitcha lake salmon chifukwa cha khalidwe lomweli, imakulira m'nyanja ikudya usipa kenako imakwera mitsinje ngati Bua ndi North Rukuru kukaikira mazira pa timiyala, ngakhale pa chibale ndi mitundu yosiyana kutalitali. Kusiyana kwina n'koti king ikakwera mtsinje ikafika zaka zitatu kapena zinayi, imada thupi, imasiya kudya, ikaswa basi imafera komweko.

Apa ndi pamene kaputeni anatiuza nkhani yomwe ine sindimaidziwa, yoti salmon si nsomba ya m'nyanja muno. Mwini nyanja anali lake trout, koma kunalowa chinthu chotchedwa sea lamprey kudzera mu ngalande ya sitima ya Welland, chokhala ngati njoka, kukamwa kozungulira kodzaza mano, chimamatirira pa nsomba n'kumaiyamwa magazi, ndiye kuphatikiza ndi kupha nsomba mopyola muyezo pofika m'ma 1950 lake trout inali itatheratu. Popanda chozidya, tinsomba tina tobwera totchedwa alewife tinaswana mosaneneka mpaka mu 1967 tinafa tambirimbiri n'kudzaza magombe, ku Chicago amachita kuchotsa ndi mathirakitala chifukwa cha fungo. Mkulu woona za nsomba ku Michigan nthawi imeneyo, Howard Tanner, ndi amene anaganiza zokatenga mazira a salmon ku Oregon, kunyanja ya mchere ya Pacific, ndipo mu 1966 anathira ana a salmon ya mtundu wa coho mumtsinje wa Platte, chaka chotsatira boma n'kubweretsanso Chinook, kuti zidye alewife uja komanso anthu apeze chowedza. Bizinesi yonse ya maboti imene tinakwerayi inabadwira pamenepo. Umboni wa lamprey tinauona ndi maso, lake trout imene anakoka achimwene a ku Chicago inali ndi chilonda chozungulira pambali ngati munthu waidinda ndi kapu yamoto, chofiira pakati, madala anaikapo chala n'kupukusa mutu. Mpaka pano America ndi Canada amathira mankhwala m'mitsinje chaka ndi chaka kupha ana a lamprey, akangolekerera zimabwereranso.

Tisaganize kuti kuno zonse zili bwino ayi. Madzi ndi oyera mbee moti chimpira chija umachiona chikutsika mpaka patali, ine ndinayamikira koma kaputeni anati kuyera kumeneko ndi njala. Tinkhono tobwera ndi madzi a m'sitima zochokera ku Ulaya cha kumapeto kwa m'ma 1980, zebra ndi quagga mussel, tayala pansi pa nyanja ndipo timasefa chakudya chonse chomwe tinsomba ting'onoting'ono timadalira. Ku Lake Huron alewife anatha cha m'ma 2004 ndipo king anagwa nawo limodzi, ndiye kuno poopa zomwezo mu 2013 anachepetsa ndi theka ana a king omwe amathira m'nyanja. Asodzi ambiri anakwiya koma iye akuti anavomereza, bola nsomba zochepa zonenepa kusiyana ndi kutha zonse. Zimenezi ndi zomwe zinandikhudza ine kuposa makina onse aja, kuti anthuwa amawerenga, amadziwa kuti chakudya chatsala chochuluka bwanji ndipo pakamwa podya pakhale pangati.

Cha m'ma 9 koloko mphepo inayamba ndipo awiri a ife anadwala chizungulire n'kusanza kwambiri, mmodzi anagona mpaka pobwerera, ndiye ulendo wina tidzamwe mapilitsi aja usiku wake osati tili kale pamadzi, komanso majekete, Ogasiti yemweyu pakati pa nyanja m'mawa kumazizira zedi. Nsomba ina ya mtundu wa trout yotchedwa steelhead inadumpha m'mwamba katatu n'kulavula mbedza ife tikuonerera. Pomaliza boti lathu linapha 9, linalo 7, zonse pamodzi 16, ma king 5, coho 3, steelhead 2, zotsalazo lake trout, kutali ndi malire a lamulo a nsomba 5 pa munthu.

Nkhani inakula pa malo otumbulira nsomba kudoko. Mnyamata uja mpeni wake ndi wachangu, amangochotsa mnofu mbali ziwiri, mutu ndi msana wonse n'kukankhira kotaya, mayi a ku Zomba anakuwa kuti "mwanawe ndiwo zenizeni ndi zimenezo!" ndiye tinatolera mitu yonse m'mapepala. Koma pa steelhead imodzi kaputeni anatipempha kuti mutu tiusiye. Anationetsa pamsana pafupi ndi mchira pomwe pamayenera kukhala kachipsepse kakang'ono kofewa, panali posalala, akuti imeneyi inabadwira mosungira nsomba mwa boma ndipo anaidula kachipsepseko ili kakang'ono ngati chala, ndipo zina mwa zodulidwazi zimakhala ndi kawaya kochepetsetsa m'mphuno kolembedwa nambala yosonyeza komwe inachokera ndi chaka chake. Mutuwo anauika m'kathumba, analemba tsiku, kutalika kwa nsomba ndi malo omwe tinaiphera, n'kukauponya mu firiji yomwe imakhala pomwepo kudikira akatswiri. Ndi njira yomweyi yodula zipsepse anadziwira kuti ma king oposa theka m'nyanjamu tsopano akubadwira okha m'mitsinje. Anatilangizanso kuchotsa mafuta a pamimba ndi khungu chifukwa mankhwala akale a m'mafakitale monga PCB amakhala m'mafutamo, makamaka pa lake trout zikuluzikulu, ndiye amayi oyembekezera ndi ana aziyamba aona malangizo a boma la Michigan otchedwa Eat Safe Fish.

Pobwerera madala anakhala kutsogolo ndi ine ndipo ulendo wonse amakamba za Bua. Akuti ali mnyamata mpasa ikamakwera madzi amachita kuda, bambo awo amapha zokwana pakhomo ndi zowamba pang'ono, koma kenako anthu anayamba kutchinga pathiriro ndi maukonde, ena kuthira katupe m'maiwe, ena kulima mpaka m'mphepete moti matope anakwirira timiyala tomwe mpasa imaikirapo mazira, ndipo atapita kumudzi komaliza anafunsa mpasa pamsika anyamata ena samaidziwa n'komwe. Bua amapumako chifukwa amadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Anatchulanso za ku chilumba cha Mbenji ku Salima komwe mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi nyengo ya mvula chaka chilichonse kuyambira kalekale popanda kudikira boma, akuti nzeru zake ndi zomwezi, ife tili nazo. Chomwe chimawapweteka n'choti kuno nsomba yochita kubwera pa galimoto aimangira makwerero pa madamu, ku Berrien Springs, Buchanan, Niles, South Bend mpaka Mishawaka, kuti ikwere mtsinje bwinobwino, pomwe yathu yobadwira momwemo timaidikirira pakhomo ndi neti ya udzudzu. Ananena mawu amenewa maso ali pamsewu ndipo ine ndinasowa chowayankha.

Madzulo tinakumana kwa atcheya, mitu ija inaphikidwa ndi tomato ndi anyezi basi, nsima ya ufa woyera miphika iwiri, mnofu wina tinaotcha wina tinagawana kuphatikizapo mabanja atatu omwe sanathe kubwera. Ndalama zotsala madola 45 zili kwa msungichuma. Tinagwirizana kuti kumapeto kwa Seputembala, nsomba zikayamba kukwera, tidzatenge ana Loweruka lina kupita pa damu la ku Berrien Springs akaone okha salmon ikulimbana ndi madzi, sipafunika boti kapena laisensi poti n'kungoonerera, ndipo madala avomera kudzawafotokozera anawo za mpasa, sanjika ndi ntchila m'Chichewa. Amene muli ndi magalimoto a mipando 7 muwauze atcheya isanathe sabata ino.