Kamtolo ka maluwa kopirira dzuwa la ku Mangochi

Kuno ku Mangochi duwa ukalidula dzuwa litakwera, pofika masana limakhala litazolika kale, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. N'chifukwa chake ine ndimalawira kusanache bwino, nditanyamula sizasi yakuthwa ndi ndowa ya madzi ozizira a mumtsuko. Duwa lililonse likangodulidwa limalowa m'madzi pompo, silidikira anzake m'manja.

Si duwa lililonse lokongola pabwalo lomwe limayenera kulowa m'kamtolo. Hibiscus ndimangomusiya pamtengo, poti duwa lake limakhala tsiku limodzi basi. Bougainvillea, yemwe wadzaza m'mipanda ya malo ogona alendo panjira ya ku Monkey Bay, amafota msanga akadulidwa, kuphatikiza apo minga. Odalirika ndi zinnia ndi marigold. Zinnia ndimayamba ndamuyesa: ndimagwira phesi chapakati n'kuligwedeza pang'ono. Mutu ukamapendama uku ndi uku, ndiye kuti sanakhwime, ndimamusiyira mawa. Phesi likalimba gwa, ameneyo ndi wodula.

Ndikafika pakhonde ndimasadzula masamba onse am'munsi, chifukwa tsamba lomira m'madzi limawola n'kununkhitsa madziwo, ndipo a marigold ndiye amanyanya. Kenaka ndowa ija ndimaiika pamthunzi kwa ola limodzi kapena awiri kuti maluwa amwe. Anthu ambiri amadumpha pamenepa chifukwa cha changu, koma kwa ine ntchito yonse yagona apa.

Kumanga kwake sikuvuta. Duwa lalikulu ndimaligwira pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, lina n'kuliika mopingasa pang'ono, kutembenuza kamtolo, kuwonjezera lina, kutembenuzanso. Maluwa asanu kapena asanu ndi awiri amakwana. Mitundu ikapitirira itatu kamtolo kamachita phokoso m'maso. M'mbali ndimazunguliza timphukira ta mpungabwi, uja timathamangitsira udzudzu, ndipo fungo lake limaphimba la marigold lomwe ena sagwirizana nalo. Pomanga ndimagwiritsa luzi la nthochi lonyowetsa, pamalo pomwe zala zanga zinagwira. Osakoka kwambiri, phesi la zinnia ndi lamphako, limaphwanyika. Pomaliza ndimadula mapesi onse mopendeketsa kuti afanane kutalika.

Chotengera sichifuna ndalama, kabotolo ka jamu kotsuka bwino kamakwana. M'madzi ndimathira shuga kunsonga ya supuni ya tiyi ndi kadontho kamodzi ka Jik, ndipo nyengo yotentha ndimawasintha tsiku lililonse, n'kudulako pang'ono kunsi kwa mapesi. Kabotoloko kasakhale pawindo, komanso katalikirane ndi mango kapena nthochi zakupsa, poti mpweya womwe zipatsozi zimatulutsa umakalambitsa maluwa msanga.

Kamtolo kakakhala kopita ku chinkhoswe kapena kwa wodwala, mapesi ndimawakulunga ndi kansalu konyowa, n'kuveka kajumbo kunsi kokha. Pa kabaza ndimakanyamula ndekha m'manja, nditakaphimba ndi nyuzipepala kuti mphepo isakakwapule.