Mawu atatu okha

Tulo takana, ndiye bola ndilembe. Chandisowetsa mtendere ndi K185.60, ndalama yoti palibe amene waitaya nkomwe.

Mwana wa achimwene anga, uja anaphunzira zamakompyuta ku Lusaka, wakhala akundikakamira kuti tilumikize AI ku pulogalamu ya maakawunti ya pa shopu ya malata ndi simenti pomwe ndimasunga mabuku. Akuti ndizingoiuza kuti wakuti watenga katundu, iyo nkupanga invoisi yokha. Lero masana, makasitomala atachepa, tinayesa. Mwayi wake tinayesera pa buku longophunzirirapo. Ndinalemba malata a K1,160. Invoisi inatuluka ya K1,345.60.

Sindinafune kakyuleta. Mtengo umene timauza munthu pa kauntala umakhala ndi VAT kale, 16 peresenti: K1,000 ya katundu, K160 ya ZRA, bungwe lotolera misonkho kuno ku Zambia. Iyo inathira msonkho pamwamba pa msonkho.

"Nzeru zija umanena ndi zimenezi?"

"Azakhali, musaikalipire kaye. Tione zomwe inapatsidwa kuti iwerenge."

Apa mpomwe ndinakokera mpando pafupi. Kani AI siona sikirini ngati mmene ndimaonera ine. Imapatsidwa mndandanda wa zida, chilichonse ndi dzina lake, mawu ofotokoza ntchito yake, ndi mipata yoti idzaze. Njira yolumikizirayi amaitcha MCP, anaitulutsa a kampani ya AI yotchedwa Anthropic mu Novembala 2024, ndipo aliyense atha kupanga zida zake nkuzifotokoza mmene wafunira. Chida chathucho dzina lake create_invoice. Kufotokoza kwake? Mawu atatu a Chingerezi, onena kuti chimapanga invoisi. Ngati kuti dzinalo silinanene kale! Pa mpata wa ndalama anangolemba kuti amount, nambala. Kaya msonkho ulimo, kaya mulibe, zii.

Ndinamulanda laputopu nkuyamba kufunsa chida chilichonse mafunso omwe kalaliki watsopano akanandifunsa tsiku loyamba. Deti la 03/04 ndi 3 Epulo kapena 4 Malichi? Invoisi ikapangidwa imadikira kuti munthu aione, kapena imapita kwa kasitomala pompo? Panali zida ziwiri, china cha void china cha delete, zofotokozedwa ndi mawu ofanana ndendende, pomwe wosunga mabuku aliyense amadziwa kuti china chimasiya nambala ya invoisi ikuoneka, china chimachotseratu. Ndipo chiyambire Smart Invoice mu 2024, njira ya ZRA yotulutsira mainvoisi pa kompyuta, invoisi ikatuluka ndiye kuti ZRA yaiona kale. Sufufuta ndi labala, umalemba credit note, chikalata chobweza zomwe zinalembedwa pa invoisiyo.

Ndinafunsanso ngati nambalayo ili m'makwacha kapena m'mangwee. Mnyamatayo anaseka. Iye anali pa pulayimale mu 2013 pomwe anadula maziro atatu pa kwacha, ife tikulemba KR, chizindikiro cha kwacha yatsopanoyo, pa risiti iliyonse, manja akunjenjemera kuopa kusokoneza.

Chida chimodzi chokha ndicho chinandigwira mtima, cholembera malipiro. Anafotokoza kuti deti liyambe ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, anaika chitsanzo, anachenjeza kuti ukalemba kawiri ndalama iwerengedwa kawiri, nkunenanso zoti uchite chikakana. Amene analemba pamenepo anapsapo chala, ndikudziwa.

Ndinali nditatenthedwa ndithu, ndikunena kuti anthu olemba zinthu mwaulesi chonchi asamayandikire ndalama za eni. Iye chete, akupukuta fumbi la simenti pa kiyibodi ndi kansalu. Kenako anati:

"Nanga inuyo azakhali, zoti mitengo ya pano ili ndi VAT kale munazilemba pati?"

Ndinamuyang'ana. Ndinafuna kumuuza kuti ndinamubereka kumsana ine, asandifunse ngati oditala. Koma yankho ndinalibe. Sizinalembedwe paliponse. Zili m'mutu mwangamu, pamodzi ndi amene amaloledwa ngongole, amene cheke chake timayamba tadikira, amene amatumiza wanjinga kuchokera ku Kapata ndi kapepala kosasaina koma timamupatsabe. Chaka chatha nditagona ndi malungo, mtsikana amene anandigwirira anandiimbira foni kakhumi tsiku limodzi, ine nkumadandaula kuti ngogona. Uja bola ankafunsa. Ichi sichinafunse, chinangoganizira nkupitirira, mwaulemu wake wonse.

Akuti Loweruka tikhale pansi, ine ndizinena, iye azilemba mafotokozedwe atsopano. Sindinavomere, sindinakane. Pa 18 ndi tsiku lomaliza lopereka VAT, mutu uli kale kumeneko.

Komabe usiku uno ndatenga kope nkuyamba. Mzere woyamba, mitengo yonse ili ndi msonkho. Wachiwiri, tsiku limayamba, mwezi pambuyo. Wachitatu ndi wa anzathu odutsa pa Mwami kuchokera ku Mchinji, amene nthawi zina amabwera ndi kwacha yakwawo, nayonso timangoilemba K, ndipo mtengo wosinthira abwana amaunena pakamwa malinga ndi mmene adzukira. Ndalemba, ndafufuta, ndalembanso. Kandulo nayo yatsala pang'ono